Kuchokera pa lilime kufika pa kapepala: mmene madokotala anatulukira chomwe chimapha odwala shuga

Kale ku Ulaya, wojambula zithunzi akafuna kuonetsa kuti munthu uyu ndi dokotala sankavutika kuganiza. Ankangomunyamulitsa kabotolo kagalasi kamimba yozungulira, atakakweza m'mwamba kuti kuwala kudutse mumkodzo womwe uli m'menemo. Kwa zaka mazana angapo imeneyo ndiyo inali ntchito yaikulu ya asing'anga a kumeneko: kuyang'ana maonekedwe a mkodzo, kuununkhiza, kuona zodikha pansi, ndipo mwa apo ndi apo kuulawa kumene. M'mabuku awo munkakhala chithunzi cha mabotolo pafupifupi 20 ondandalikidwa mozungulira, lililonse ndi mtundu wake komanso nthenda yomwe amati likulosera. Zambiri mwa izo zinali zongopeka. Koma pa nthenda imodzi lilime linkanena zoona, ndipo nthendayo ndi ya shuga.

Asing'anga a ku India anali atazindikira kalekale. M'mabuku akale a Sushruta ndi Charaka muli nkhani ya odwala omwe mkodzo wawo umatsekemera moti nyerere zimaunjikana pomwe ataya madzi. Ku England zinatenga nthawi. Mu 1674 Thomas Willis analemba kuti mkodzo wa odwala otere ndi wozuna ngati wathiridwa uchi. Patapita zaka 100, Matthew Dobson wa ku Liverpool anauphitsa mpaka kuuma, m'mbale n'kutsala zinthu zoyererako zomwe sakanazisiyanitsa ndi shuga wa m'khitchini, ndipo anapezanso kuti magazi a wodwalayo nawo anali otsekemera. Zimenezi anazifalitsa mu 1776. Mu 1815 katswiri wa ku France, Michel Chevreul, anatsimikiza kuti shuga ameneyu ndi yemweyo wopezeka m'mphesa. Pofika m'ma 1840, Karl Trommer ndi Hermann von Fehling anali atapanga mankhwala osintha mtundu akakumana ndi shuga, ndipo madokotala anapuma ku ntchito yolawa ija.

Komabe panali chinthu chomwe shuga yekha sankachifotokoza. Akuluakulu onenepa ankatha kukhala ndi nthendayi zaka zambiri. Ana ndi achinyamata ndiye ayi. Ankaonda msanga, kumwa madzi osakoledwa, kukodza usiku wonse, ndipo kawirikawiri chisanathe chaka chimodzi kapena ziwiri ankayamba kusanza, kudandaula m'mimba, kuodzera, kenako n'kukomoka osadzukanso. Amene ankalowa m'chipinda cha wodwala wotere ankamva kafungo kachilendo, konga ka maapozi ovunda. Funso linali lakuti kodi kafungoko kakuchokera kuti, ndipo n'chiyani chikugoneka mwanayu tulo tosadzuka?

Yankho linayamba kuoneka ku Prague mu 1857. Wilhelm Petters anafufuza mkodzo wa wodwala shuga yemwe anali atakomoka, ndipo anapezamo acetone, mankhwala omwe masiku ano amayi amachotsera utoto wa m'zikhadabo. Mu 1865 Carl Gerhardt anaona kuti akadonthetsera mankhwala a chitsulo otchedwa ferric chloride mumkodzo wa odwala ena, mkodzowo unkafiira ngati vinyo. Chomwe chinkafiiritsa chinadzadziwika kuti ndi asidi wotchedwa acetoacetic. Uku kunali kuyeza koyamba kwa mankhwala otere, otchedwa maketoni, komwe dokotala akanatha kuchita pambali pa bedi la wodwala.

Munthu yemwe dzina lake linakanirira pa nkhaniyi ndi Adolf Kussmaul, mphunzitsi wa zaudokotala ku Freiburg m'dziko la Germany. Mu 1874 analemba za odwala atatu omwe anawaona akumwalira atakomoka ndi shuga, ndipo chomwe chinamudabwitsa kwambiri ndi kapumidwe kawo. Ankapuma mozama zedi, chifuwa chonse chikutukuka ndi kuphwa mwamphamvu, mpweya ukumveka patali, pomwe m'mapapo munalibe chotchinga chilichonse. Munthu wofooka moti sangakweze ndi dzanja lomwe ankapuma ngati wangotha kuthamanga mtunda wautali. Kussmaul anaganiza kuti m'magazi muli poizoni wina yemwe akukwapula mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma, ndipo anakayikira acetone uja. Pa poizoni weniweniyo anaphonya pang'ono, koma pofotokoza zomwe anaona ndi maso sanaphonye. Mpaka lero wophunzira zachipatala aliyense, kaya ku Berlin kaya ku Blantyre, amaphunzitsidwa kuzindikira kapumidwe ka Kussmaul, ndipo namwino wozolowera ntchito amakadziwa asanafike n'komwe pabedi.

Patangopita zaka 10 chinsinsi chinaululika. Mu 1883 Ernst Stadelmann anaonetsa kuti mkodzo wa odwalawa uli ndi asidi wochuluka modabwitsa, ndipo mu 1884 Oskar Minkowski ndi Eduard Külz, aliyense payekha, anapeza kuti asidi wamkuluyo ndi beta-hydroxybutyric. Abale atatu anakwana tsopano: acetone, acetoacetic ndi beta-hydroxybutyric, omwe pamodzi amatchedwa maketoni. Minkowski yemweyo ndi amene mu 1889, ali ku Strasbourg ndi Joseph von Mering, anachotsa kapamba wa galu n'kuona galuyo akudwala shuga woopsa m'masiku ochepa. Gwero la nthenda linapezeka kuti lili m'kachiwalo kobisala kuseri kwa chifu.

Zomwe zimachitika m'thupi, monga zikudziwikira tsopano, zili motere. Mafuta osungidwa m'thupi ali ngati nkhokwe, ndipo wosunga khomo la nkhokweyo ndi insulini, yomwe imapangidwa m'kapamba. Munthu akadya, insulini imachuluka, imatseka khomo n'kulowetsa shuga m'minofu kuti agwire ntchito. Akagona ndi njala, insulini imachepa, khomo limatseguka pang'ono, mafuta n'kupita kuchiwindi komwe amasandutsidwa maketoni oti mtima, minofu ndi ubongo zigwiritse ntchito. Zonsezi zimachitika mwa muyeso, chifukwa insulini yochepa yomwe yatsalayo imaletsa kuti mafuta asatuluke mopitirira. Koma kapamba akaleka kupanga insulini, khomo limakhala chitsegukire popanda woyang'anira. Chiwindi chimapanga maketoni ambiri kuposa omwe thupi lingawamalize, ndipo popeza awiri mwa iwo ndi asidi, magazi amayamba kuwawasa. Nthawi yomweyo shuga wodzaza m'magazi amakoka madzi kupita nawo ku mkodzo, moti munthu wamkulu akhoza kutaya malita 5 kapena kuposa, pamodzi ndi mchere wofunika monga potaziyamu. Kupuma kozama kuja ndi njira yomwe thupi limayesera kuchepetsa asidi potulutsa mpweya woipa wambiri. Madokotala amatcha vuto lonseli ketoacidosis, ndipo m'zipatala amangolifupikitsa kuti DKA.

Chomvetsa chisoni m'mbiri imeneyi n'chakuti kudziwa kunafika zaka pafupifupi 40 mankhwala asanafike. Madokotala a m'ma 1890 ankatha kudonthetsera ferric chloride, kuona mkodzo ukufiira, n'kudziwiratu kuti mwanayu watsala ndi masabata ochepa. Ankayesa kumwetsa odwala soda wambiri, ena kuwalowetsera m'mitsempha, kuti athetse asidi. Wodwala ankatha kutsitsimuka kwa maola angapo, mwina kulankhulako ndi abale, kenako n'kubwerera m'chikomokere. Elliott Joslin wa ku Boston, yemwe ankalemba m'kaundula wodwala aliyense amene wamuona, anapeza kuti insulini isanabwere odwala ake oposa theka ankafa imfa yokomokayi.

Chida chokha chomwe chinalipo chinali zakudya, ndipo nacho chinali ndi msampha wake. Kuyambira mu 1797, pomwe dokotala wa asilikali a Britain, John Rollo, anayamba kudyetsa odwala nyama ndi mafuta m'malo mwa buledi, ambiri ankakhulupirira kuti kuchotsa zakudya zokhutitsa ndiye mankhwala. Kwa akuluakulu onenepa zinkathandizadi. Kwa ana opanda insulini, shuga mumkodzo ankatsikako koma maketoni ankakwera, ndipo ena ankakomoka atangoyamba kumene zakudya zatsopanozo. Cha m'ma 1914, Frederick Allen wa ku America anabwera ndi njira yowawa koposa: kuchepetsa chakudya chonse, mafuta omwe, mpaka mkodzo utayera. Odwala ankasala kudya masiku angapo, kenako n'kumapatsidwa ndiwo zamasamba zophikidwa katatu, madzi ake akutayidwa ulendo uliwonse. Ana ena anafa ndi njala m'malo mwa shuga. Anthu ambiri anamunena Allen kuti ndi wankhanza, ndipo kunena zoona njira yakeyo inali yankhanza. Koma inasunga ana ena kwa chaka chimodzi kapena zitatu, ndipo kwa owerengeka zaka zimenezo zinakwanira kuti afike pa tsiku lachipulumutso.

Mmodzi wa iwo anali Elizabeth Hughes, mwana wa Charles Evans Hughes, yemwe anali nduna yoona za maubale ndi mayiko ena ku America. Anapezeka ndi shuga ali ndi zaka 11. Pofika mu Ogasiti 1922, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 15, ankalemera makilogalamu pafupifupi 20 okha. Mwezi umenewo anamutengera ku Toronto m'dziko la Canada, komwe Frederick Banting, Charles Best, James Collip ndi John Macleod anali atangotulukira njira yopezera insulini kuchokera mu kapamba wa nyama. Elizabeth ananenepa, anaphunzira, anakwatiwa, anabereka ana atatu, ndipo anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 73.

Woyamba kulandira insulini anali mnyamata wina, Leonard Thompson, pachipatala cha Toronto General. Jakisoni woyamba, wa pa 11 Januwale 1922, sanaphule kanthu kwenikweni chifukwa mankhwalawo anali asanayeretsedwe bwino. Wa pa 23 Januwale, wokonzedwa ndi Collip, anatsitsa shuga m'magazi, ndipo maketoni anazimiririka mumkodzo. Nkhani ya shugayo ndi yomwe anthu amaikumbukira, koma kwa madokotala omwe anali ataonerera ana ambiri akupuma mpweya wa Kussmaul, mkodzo wosafiira uja ndiwo unali umboni woti imfa yabwezedwa.

Chaka chomwe Banting ndi Best ankavutika kuyesa insulini pa agalu, mu 1921, dokotala wina pachipatala cha Mayo Clinic ku Minnesota, Russell Wilder, anali kuganiza zosiyana kotheratu. Zinali zodziwika kuti ana ena odwala khunyu akasala kudya kugwa kumachepa. Wilder anati bwanji awapatse zakudya zamafuta ambiri ndi zokhutitsa zochepa kwambiri, kuti thupi lizipanga maketoni ngati lili pa njala pomwe mwanayo akudya. Njirayi inagwira ntchito kwa ana ambiri, ndipo ikugwiritsidwabe ntchito pa khunyu losamva mankhwala. Motero chinthu chomwe mbali ina ya chipatala chinali chizindikiro cha imfa, mbali inayo chinali mankhwala.

Mkanganowu unatha bwino mu 1967, pomwe George Cahill ndi Oliver Owen a ku Boston anafufuza anthu atatu onenepa kwambiri omwe anasala kudya kwa masabata 5 mpaka 6. Anapeza kuti ubongo wawo unali kutenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zake kuchokera ku maketoni. Ichi ndicho chimapulumutsa munthu pa nthawi ya chilala, chifukwa popanda maketoni thupi likanadya minofu yake msanga kuti lipezere ubongo shuga. Ndiye kuti maketoni paokha si poizoni. Kukhala nawo pang'ono chifukwa cha njala kapena zakudya, komwe kumatchedwa ketosis, ndi chilengedwe. Chomwe chimasiyanitsa ketosis ndi DKA ndi kupezeka kwa insulini. N'chifukwa chake munthu wodalira jakisoni wa insulini sayenera kutengera mnzake wopanda shuga yemwe akunyadira maketoni ake pofuna kuchepetsa thupi. Awiriwa ali pa maulendo osiyana ngakhale kapepala kataonetsa mtundu wofanana.

Insulini itafika, ntchito yoyeza inasamuka kuchoka m'manja mwa dokotala kupita m'khitchini mwa wodwala, ndipo inali ntchito yotopetsa. Joslin ankaphunzitsa odwala ake, ngakhale ana, kugwiritsa ntchito mankhwala obiriwira ngati mtambo omwe Stanley Benedict anapanga mu 1908. Munthu ankathira kasupuni ka mankhwalawo m'kachubu kagalasi, kudonthetseramo madontho 8 a mkodzo, n'kuika kachubuko m'madzi owira kwa mphindi 5. Mtundu ukasanduka wamasamba, shuga alipo pang'ono. Ukafika pofiira ngati njerwa, zinthu zavuta. Ena ankachita zimenezi kanayi pa tsiku, moyo wawo wonse. Pa maketoni panali njira ya Gerhardt ija, komanso ina yamphamvu kuposa, yogwiritsa ntchito mankhwala a nitroprusside, yomwe Arthur Rothera wa ku Melbourne m'dziko la Australia anaikonza bwino mu 1908 momwemo. Maketoni akakhalapo, m'kachubu munkaoneka mtundu wapepo.

Kampani ya Ames ya m'tauni ya Elkhart ku Indiana ndi yomwe inazimitsa moto wa m'khitchini uja. M'zaka za m'ma 1940 inatulutsa Clinitest, piritsi lomwe ukaliponya mumkodzo wosungunula ndi madzi limawira lokha. Kenako kunabwera Acetest, piritsi la maketoni longofuna dontho limodzi. Mu 1956 akatswiri awiri a pakampaniyo, Helen Free ndi mwamuna wake Alfred, anatulutsa Clinistix, kapepala koviika mumkodzo n'kuwerenga mtundu wake, ndipo posakhalitsa kunatsatira ka maketoni kotchedwa Ketostix. Mankhwala omwe ali kunsonga kwa kapepala ka maketoni komwe namwino amaviika lero ndi nitroprusside yemwe uja wa Rothera. Dzina la Helen Free silitchuka ngati la Banting, koma ndi anthu ochepa omwe anafewetsa moyo wa odwala shuga monga anachitira mayi ameneyu.

Kapepala ka mkodzo kali ndi zofooka zake, ndipo wokagwiritsa ntchito ayenera kuzidziwa. Kamaona acetoacetic koma sikaona beta-hydroxybutyric, pomwe pa DKA asidi wosaonekayo ndi amene amachuluka, nthawi zina kuposa mnzakeyo ka 10. Wodwala akayamba kulandira chithandizo, asidi wobisikayo amasanduka woonekayo, moti kapepala kamatha kuda kwambiri pomwe munthu akuchira. Mkodzo umanenanso za maola apitawo, osati za panopa, ndipo timapepala tikakhalitsa m'botolo lotsegulidwa, makamaka kotentha ndi kwachinyezi, timaleka kugwira ntchito. Cha m'ma 2000 kunabwera timakina toyeza beta-hydroxybutyric kuchokera ku kadontho ka magazi a pachala. Kwa munthu wa shuga, nambala yosafika 0.6 ndi yabwinobwino, ya pakati pa 0.6 ndi 1.5 ndi chenjezo loti ayezenso pakapita maola awiri, yopitirira 1.5 imafuna kuti alankhule ndi achipatala tsiku lomwelo, ndipo yoposa 3.0 ndi yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo.

Kachiritsidwe nako kanasintha. Kwa zaka zambiri madokotala ankabaya wodwala DKA insulini yochuluka zedi, mayunitsi mazanamazana, ndipo ena ankafa chifukwa shuga kapena potaziyamu watsika mwadzidzidzi. Mu 1973 George Alberti ndi anzake ku Oxford anaonetsa kuti insulini yochepa yoperekedwa ola lililonse imakwanira, bola wodwala alandire madzi okwanira a m'diripi ndi potaziyamu. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo ndipo chipatala cha boma laling'ono chikhoza kuikwanitsa. M'mayiko olemera, akuluakulu omwe amafa ndi DKA tsopano sakwana mmodzi pa 100 alionse. Vutoli silinathe kudabwitsa anthu, komabe. Mu 2015 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza kuti mapiritsi atsopano a shuga a m'gulu la SGLT2, omwe amatulutsa shuga kudzera mumkodzo, akhoza kubweretsa DKA pomwe shuga m'magazi sanakwere kwenikweni. Wodalira kuyeza shuga yekha akhoza kuphonya.

Kuno ku Africa mbiri imeneyi sinafike kumapeto omwe inafika ku Toronto ndi ku Oxford. Mu 1986 madokotala a ku Dar es Salaam analemba za odwala DKA omwe sankazindikiridwa, ena akuganiziridwa kuti ali ndi malungo a mu ubongo. Cholakwacho n'chosavuta kuchimvetsa. Mwana wofika akusanza, ali wefuwefu, atakomoka, m'dera lomwe malungo, chibayo ndi matenda oumitsa khosi zili ponseponse, amakumbutsa wachipatala matenda amenewo poyamba. Kafukufuku yemwe bungwe la International Insulin Foundation linachita ku Mozambique ndi ku Zambia mu 2003 anayerekeza kuti mwana wa kumudzi ku Mozambique akapezeka ndi shuga wofuna insulini amakhala ndi moyo miyezi 7 yokha. Imeneyo ndi nambala ya nthawi ya Kussmaul, zaka 80 insulini itatulukiridwa. N'zochititsa manyazi, chifukwa chosowa si nzeru ayi, koma kapepala, diripi ndi kabotolo ka insulini pamalo oyenera.

Ku Malawi, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga. Kwa nthawi yaitali chithandizo cha odwala ofuna insulini chinkapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Kuyambira mu 2018, m'boma la Neno munayamba makiliniki a PEN-Plus, omwe amaphunzitsa anamwino ndi othandizira madokotala kusamalira odwala otere pafupi ndi kwawo, ndipo mu 2022 mayiko a mu Africa omwe ali m'bungwe la WHO anagwirizana ku Lomé m'dziko la Togo kuti njira imeneyi ifalikire.

Kunyumba, msampha womwe umakola ambiri ndi umodzimodzi. Munthu wa jakisoni akadwala malungo kapena kutsegula m'mimba n'kulephera kudya, iye kapena abale amaganiza kuti popeza sakudya, insulini aisiye kaye. Koma thupi lodwala limafuna insulini yochulukirapo, ndipo DKA ikhoza kukula m'tsiku limodzi lokha. Wodwala wotere asasiye jakisoni, azimwa madzi pafupipafupi, ndipo akayamba kusanza mosalekeza apite kuchipatala osadikira kuti kuche. Makolo omwe mwana wawo akuonda, akumwa madzi kosaleka, kapena wayambiranso kukodza pamphasa atasiya kale, apemphe achipatala kuti amuyeze shuga. Ndipo achipatala, mwana aliyense wofika akupuma mozama kapena atakomoka, mubayeni pachala muone shuga ndi kuviika kapepala mumkodzo, ngakhale zotsatira za malungo zitaonetsa kuti alipo.